A Zuze ndi Nkhope ya Esinati

Mwezi watha tinakaika chiliza pamanda a bambo Zuze kwawo kwa Kanduku, patatha chaka chimwalirireni. Anthu sanali ambiri: mayi a kunyumba kwawo, ana awo awiri ochokera ku Blantyre, achibale, a mpingo, ndi ife atatu amene tinkasonkhana nawo Loweruka lililonse. Mapemphero atatha, anthu anapatsidwa mpata wolankhula. Mwana wawo wamkulu anakamba za bambo amene anawaphunzitsa sukulu ndi sowo ndi hamala. Mkulu wa mpingo anakamba za mabenchi a m'tchalitchi amene mpaka lero ngolimba. Za zojambula zawo palibe amene anatchulapo, ndipo nafenso tinangoti duu, poganiza kuti pamanda nkhani ya mapensulo ndi makala imveka ngati yachibwana. Pobwerera, titapanikizana kumbuyo kwa pikapu, a Yusufu anandigunda ndi chigongono n'kunena kuti popeza mphunzitsi ndine, ndilembe zimene takanika kunena. Ndiye ndalemba.

A Zuze anali kalipentala pa Mwanza boma. Shedi yawo inali kumunsi kwa msika, yogundana ndi khoma la nyumba yawo: mizati, malata akale, ndi thebulo lalitali logwirirapo ntchito. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosathamanga polankhula. Mayi awo owabala anali a tsidya lina la malire, ndiye m'Chichewa chawo munkagwera timawu ta Chipwitikizi apo ndi apo. Akamaliza chinthu, kaya ndi chitseko kaya ndi nkhani, ankati "pulonto," kutanthauza kuti basi, zatha. Kuyambira Lolemba ankakhoma zitseko, mipando ndi mabokosi a maliro, amene zaka zimenezo ankafunika pafupipafupi. Koma Loweruka dzuwa likafika paliwombo ankapachika zida, kusesa utuchi, kusamba m'manja ndi sopo kawiri, n'kuyala nsalu yakale pathebulo paja. Ikamakwana thu koloko ife tinkafika, aliyense atapanira pepala lake m'khwapa.

Ankatiuza kuti kujambula anayamba ali mnyamata, koma nthawi ya chipani chimodzi ankachita mobisa. Munthu wamkulu kupezeka ataima pamsewu ndi pepala, akujambula mathiraki opita ku Mozambique kapena ofesi za boma, akanafunsidwa kuti wamutuma ndani. Ndiye zaka zonsezo zithunzi zawo zinkagona m'bokosi pansi pa bedi. Matipate itabwera, ena anathamangira kumisonkhano ya zipani, ena anayamba mageni. A Zuze ufulu wawo anaugwiritsa ntchito potulutsa bokosi lija n'kukhoma zithunzi zitatu pamzati woyang'ana kunjira, kuti aone ngati pa boma pali wina wa matenda ngati awo. Tinapezeka. Ena ankabwera kawiri katatu n'kusowa, koma okhazikika tinali anayi: iwowo, ine, a Yusufu a sitolo ya nsalu, ndi mayi Nangondo, telala amene ankasokera pakhonde la sitoloyo.

Ine ndinawadziwa nditapita kukakonzetsa desiki yothyoka ya kusukulu kwathu. M'manja ndinali ndi kope lomwe pachikuto ndinajambulapo ndi bolopeni mayi wogulitsa manachesi pasiteji ya minibasi. Analitenga osapempha, n'kundifunsa ngati dengu lili pamutu pa mayiyo ndi lodzaza. Ndinati eya, ladzaza. Iwo anati ndiye khosi lake silinamve zimenezo, chifukwa laima ngati la munthu wopita kutchalitchi. Ndinachita manyazi, ndinakwiyanso pang'ono. Koma Loweruka lotsatira ndinabwerera ndi mayi wina wa manachesi, wa khosi lomva katundu.

Kuona kwawo chithunzi kunali ndi mwambo wake. Ankachigwira m'mbalimbali ndi nsonga za zala, kutuluka nacho panja powala, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali mpaka mwini wake thukuta kuyamba kutsika. Funso loyamba linali lomwelomwe kwa aliyense: munaima pati pojambula? Ankanena kuti ambiri a ife timajambula mbuzi ya m'mutu mwathu, pomwe mbuzi yeniyeni ili potero ikudya makoko a nthochi, ndipo miyendo yake yakumbuyo sipinda mmene timaganizira. Mawu oti "chokongola" sankawafuna m'shedi mwawo. Ankati amenewo ndi mawu othamangitsira munthu msanga, kuti atenge pepala lake azipita. Labala ankadana naye. Ankati mzere wolakwika uzisiyidwa pomwepo kuti wolondola udziwe poti usadutse. Mapepala enieni anali osowa, ndiye tinkajambula kuseri kwa makalendala akale, pamakatoni, ndi pamatumba a simenti amene iwo ankawasita ndi ayironi yamakala ya akazi awo akaziwo akapita kumsika.

Zawo ankazitulutsa pomalizira, ndipo ankafuna kuti tizizunguze mmene iwo ankachitira ndi zathu. Tikayamikira ankakwinya nkhope n'kufunsa ngati tatopa tikufuna kumapita. Poyamba tinkaopa. Amene anaswa mantha anali mayi Nangondo. Tsiku lina atayang'ana chithunzi cha amuna otsitsa matumba m'lole, anafunsa mwaulemu chifukwa chake anthu onse a bambo Zuze amaima m'maudzu, ngakhale ali pakati pa msika. Tinaunjika zithunzi zakale n'kuyamba kuona. Zoonadi: uyu m'maudzu, uyu kuseri kwa thumba, uyu m'madzi. A Zuze sankatha kujambula mapazi, ndipo anakhala akutibisira zaka ziwiri. Anaseka mpaka kutsokomola. Mwezi wonse wotsatira anajambula mapazi okhaokha, a akazi awo, a anthu a kabaza, a aliyense wobwera kudzagula mpando, ndipo ena ankachoka akudabwa kuti mkuluyu akufuna chiyani ndi zidendene zawo.

Mkangano wawo wautali unali ndi a Yusufu. A Yusufu sajambula anthu kapena nyama chifukwa cha chipembedzo chawo, ndipo pa chimenechi a Zuze sanawavutitsepo. Mlendo wina atayamba kufunsafunsa mwachipongwe, anamuuza kuti pano timakamba zimene munthu wajambula, osati zimene sanajambule. Vuto linali penti. A Yusufu amapaka mapiri, mitengo ndi mitambo pahadibodi ndi penti wa nyumba, ndipo mapiri a ku Thambani anawapaka buluu. A Zuze anakana kwamtuwagalu. Anati iwo analowamo m'mapiri amenewo kukasankha mitengo ya matabwa, ndipo sanapondepo mwala wabuluu. Nkhani inakula mpaka anagwirizana zokwera pikapu kuti akaone limodzi. Ali patali, a Yusufu anagogoda denga la galimoto kuti dalaivala aime, n'kuloza: mapiri anali abuluu ndithu. Atafika patsinde, a Zuze anatola mwala wotuwa ndi tsamba lobiriwira n'kuika m'thumba la malaya a mnzawoyo. Anabwerako aliyense akunena kuti wapambana, ndipo anakangana za mapiriwo zaka zoposa khumi. Penti wabuluu atawathera a Yusufu n'kusowa pa boma ponse, amene anawabweretsera kachitini kuchokera ku Blantyre anali a Zuze omwewo. Popereka anati atenge akapitirize bodza lawo.

Chaka chawo chomaliza anachita sitiroko, ndipo mkono wakumanja unafa. Lilime linalemera. Tinaganiza zosiya kubwera kuti azipuma, koma akazi awo anatitumira uthenga kuti Loweruka tikapanda kufika bambo sadya. Ndiye tinkawakhazika pampando wa ndalema pakhomo pa shedi, n'kumawagwirira zithunzi pamaso. Ankaloza ndi chala cha kumanzere pamene pawavuta, ife n'kumalota chimene akutanthauza mpaka atagwedeza mutu. Nthawi zina tinkalota molakwa dala kuti tiwaone akukwiya, chifukwa akakwiya ankaoneka ngati achira. Anamwalira nyengo yotentha, mango atangoyamba kupsa.

Koma ndikamawakumbukira, chimene chimabwera patsogolo ndi nkhani ya Esinati, imene inachitika kale, iwo akadali ndi mphamvu zawo zonse.

Esinati anali mwana wa mayi Nangondo, wa zaka zisanu. Tonse tinkamudziwa, chifukwa ankakhala pansi pa makina osokera a mayi ake akumanga tizidole ta zidutswa za nsalu. Anadwala malungo nyengo ya mvula, masiku atatu okha, n'kupita. Bokosi lake anakhoma ndi a Zuze, ndipo tsiku limenelo sanalole wina aliyense kugwirako ngakhale msomali. Mayi Nangondo analibe chithunzi cha mwanayo. Chinalipo chimodzi cha paukwati wa achibale, koma pojambulapo Esinati anatembenuka, n'kungooneka khutu ndi riboni.

Patapita miyezi ingapo mayi Nangondo anabwereranso kushedi. Anatambasula pepala pathebulo, ndipo panali nkhope ya mtsikana yojambulidwa ndi pensulo, mosamala kwambiri, tsitsi lililonse palokha. Sanachite kutiuza kuti ndi ndani. A Yusufu anati n'chokongola. Inenso ndinatero. Lamulo la m'shedi tinaliiwala dala. A Zuze anachitenga, kutuluka nacho panja monga mwa nthawi zonse, n'kuchibweza osanena kanthu. Loweruka lotsatira mayiwo anabwera ndi china, nkhope yomweyo. Lotsatiranso chimodzimodzi. Ife tinkayamikira, iwo ankathokoza motsitsa mawu n'kupinda pepala lawo. Kunena zoona, nkhope ija sinali ya Esinati. Inali ya mtsikana wina wachilendo, wooneka ngati wa Sitandade 8. Tonse tinkaona, koma ndani akanayamba?

Loweruka lachisanu mayi Nangondo sanadikire mawu athu. Anayang'ana a Zuze n'kunena kuti, "Bambo, inu simunanenepo kanthu."

A Zuze anasisita m'mphepete mwa thebulo ndi chala. Kenako anati, "Mayi, uyu si Esinati."

M'shedi munazizira. Iwo anapitiriza pang'onopang'ono, osakweza mawu. Pepala la mayiwo sanalikhudze. Anatola kathabwa pansi, kujambulapo mutu wa munthu ngati dzira, n'kulemba mzere pakati. Anati munthu wamkulu maso ake amakhala pamzerewo, koma mwana wamng'ono amakhala m'munsi mwake, chifukwa mwana mbali yaikulu ya mutu ndi chipumi. Chibwano chimakhala chaching'ono, masaya odzaza, mphuno yaifupi, khosi lowonda. Anati mayiwo akhala akuika maso m'mwamba, ndiye sabata iliyonse mwana akumawakulira papepala.

Mayi Nangondo anaimirira, kupinda pepala lawo, n'kutuluka osatsanzika.

Sindinawaonepo a Yusufu atakwiya ngati tsiku limenelo. Za mapiri zija zinali zocheza, izi zinali zenizeni. Anawauza a Zuze kuti akhalitsa ndi matabwa mpaka mtima wawo wasanduka thabwa, kuti mayi wolira mwana sakulemba mayeso, kuti munthu wamkulu amadziwa pofunika kutseka pakamwa. Ine mumtima ndinali mbali ya a Yusufu. A Zuze anamvetsera zonse ataweramitsa mutu. Poyankha anangoti mayi aja akudziwa okha kuti si mwana wawo, n'chifukwa chake akumajambulanso. Anati masabata asanu munthu wakhala akubwera kudzapempha thandizo, ife n'kumamubweza ndi mawu okoma. A Yusufu anatenga hadibodi yawo n'kumapita.

Masabata atatu gulu linafa. Loweruka lina ndinapitako ndekha, n'kupeza a Zuze atayala nsalu pathebulo monga mwa masiku onse, atakhala okha, osajambula. Anandifunsa ngati inenso ndikuona kuti analakwa. Ndinati eya. Anavomera kuti mwina pakamwa pawo panalakwa, chifukwa anazolowera kulankhula ndi mitengo imene sidandaula. Koma anati akanati n'chokongola, akanakhala atamuikanso m'manda kachiwiri mwana uja. Pambuyo pake akazi awo anandiuza kuti masiku amenewo bambo sankadya bwino, ndipo Lolemba lina anang'amba dala thumba la malaya awo abwinobwino kuti apeze chonamizira chopitira pakhonde pa telala. Mayi Nangondo anawasokera malayawo osawayang'ana kumaso. A Zuze anapepesa chifukwa cha mmene analankhulira pagulu, koma sanabweze zimene ananena za maso. Mayiwo anangowapatsa malaya awo.

Loweruka lachinayi ndinali m'shedi ndi a Zuze pamene tinaona mayi Nangondo akutsika kanjira ka kumsika, a Yusufu ali pambuyo pawo. Analonjera monga kale, kukhala pamalo pawo, n'kutambasula pepala. Linali lakuda ndi mizere yambiri yolakwika imene sanaifufute. Koma pakati pa mizereyo panali Esinati. Chipumi chake chachikulu chija, makutu otuluka pang'ono, mlomo wam'munsi ataulumira m'kati mmene ankachitira akamamanga tizidole take. A Yusufu anatembenukira kumbali.

A Zuze anapukuta manja pabuluku, kutenga pepalalo m'mbalimbali, n'kutuluka nalo panja. Anakhalitsa kuposa masiku onse. Atabwerera anafunsa funso lawo, koma mawu anatuluka osasa.

"Munaima pati pojambula, mayi?"

"Sindinaime, bambo. Ndinagwada, ngati mmene ndinkachitira pomuyesa diresi."

A Zuze anavula chipewa n'kukhala pansi. Misozi inatsika m'ndevu zawo, ndipo sanaibise. Kenako mayi Nangondo anatiuza chimene chinkawadya miyezi yonse ija. Anati akamajambula n'kutuluka nkhope yachilendo, ankaganiza kuti ayamba kumuiwala mwana wawo, kuti ndi mayi wotani woiwala nkhope ya mwana chaka chisanathe. Ife tikamati n'chokongola, mantha ankakula, chifukwa zinkaoneka ngati nafenso tamuiwala. Mawu a bambo Zuze anawapweteka kwambiri, moti masiku angapo sankafuna ngakhale kumva dzina lawo. Koma tsiku lina kasitomala anabwera ndi kamwana kodzayesa yunifolomu, ndipo atagwada kuti akayeze anakayang'ana kumaso n'kuona pamene pakhala maso. Anafika kunyumba n'kutsitsa maso aja papepala, ndipo mwana wawo anatulukira.

"Sindinamuiwale," anatero. "Kungoti sindinkadziwa pokhala maso."

A Zuze anakhoma felemu ya mlombwa, kuipala mpaka kusalala, ndipo chithunzicho chili pabalaza pa mayi Nangondo mpaka lero. Komabe mayiwo sanasiye kuwakumbutsa kuti pakamwa pawo mpoipa, ndipo iwo ankavomera nthawi zonse. A Yusufu sanapepese, a Zuze nawo sanayembekezere kupepesedwa. Sabata yotsatira anayambiranso za mapiri a ku Thambani, ndipo tinadziwa kuti zinthu zabwerera m'malo.

Ife atatu timakumanabe, tsopano pakhonde la sitolo ya a Yusufu. Timayesetsa kuuzana zoona, koma timafulumira kukhululukirana. Loweruka lapitali, ndisanapite kumeneko, ndinadzera kumunsi kwa msika kukawaona mayi a kunyumba. Shedi ikadalipo. Zida anatenga mphwawo wa a Zuze, thebulo analinyamula ana, ndipo pansi mayi ayanikapo mtedza pamphasa. Lata limodzi latsomphoka, dzuwa likulowera pamenepo n'kugwera pakati pa mtedzawo. Fungo la matabwa linatha. Nkhuku zimalowa ndi kutuluka popanda wozithamangitsa.

Mayi anandiitanira kukhoma la nyumba, pamene kale pankatsamira matabwa aatali oyembekezera ntchito. Anati atachotsa matabwawo anapeza zimene sakudziwa kuti achite nazo chiyani. M'munsi mwa khomalo, pofika munthu atakhala pakampando, pali tizithunzi ta pensulo tambirimbiri, tina pamwamba pa tinzake. Ndi ifeyo. A Yusufu atakweza chala akutsutsa. Mayi Nangondo ataluma pensulo. Ine nditawerama, dazi likuyamba pamutu, kenako potsatira litakula, kenako litatha mutu wonse. Ayenera kuti ankatijambula pakati pa sabata, ali okha, n'kubwezerapo matabwa. Sanationetsepo n'kamodzi komwe.

Chinyezi chayamba kukwera khomalo, ndipo ta m'munsi kwenikweni tayamba kufufutika. Mayi anandifunsa ngati apake laimu mvula isanabwere, kapena asiye. Ndinawapempha kuti asiye kaye, ndikaitane anzanga. Anabweretsa kampando, ndinakhala moyang'ana khoma, iwo n'kubwerera kukatembenuza mtedza wawo.